Ngalande ya Kukhoma Lakumpoto

Msonkhano wa akuluampingo unatha mochedwa, basi yomaliza itapita kale. Bambo Rawle, wansembe yemwe anali asanathe n'chaka chomwe m'deralo, anakweza kolala ya jekete nauyamba wapansi. Mtima unali wolemera. Anali atangovomereza kuti katchalitchi ka ku Wickley katsekedwe, kagulitsidwe.

Katchalitchiko kanamangidwa m'nthawi ya mliri waukulu, anthu a m'mudzimo ataletsedwa kuwoloka mtsinje ndi maliro awo. Anasenza okha miyala, naika abale awo pomwepo. Tsopano Lamulungu munkangopezeka nkhalamba zochepa ndi ndowa zolandira madzi odontha.

Njira inkadutsa m'mbali mwa manda a katchalitchiko. Mvula inkawaza. Atafika pachipata anamva... tswe! tswe! Fosholo.

Anaima.

Kukhoma lakumpoto kunali mkulu wina wovala chipewa, akukumba ngalande. Analibe nyali.

"Pepani bambo, ntchito usiku ngati uno?"

"Madzi akundilowera m'nyumba," anayankha mkuluyo osadzutsa mutu. "Ndiye mwatigulitsa, eti?"

"Wakuuzani ndani?"

"Ogulawo adzatisunga? Tilipotu ambiri kuno."

Bambo Rawle anayang'anitsitsa. Fosholo inkalowa pansi, koma dothi silinkatuluka. Malaya a mkuluyo anali ouma gwaa! Pamvula ponsepo...

Pamwamba, belu la katchalitchiko, lomwe linalibe chingwe... ngwee!

Anathawa. Anagwa. Anadzuka. Sanacheuke.

Nyumba yoyamba yowala nyali inali ya Mayi Tranter, gogo wamasiye wosunga makiyi a katchalitchiko. Wansembeyo anagogoda ndi manja onse awiri.

"Kalanga ine, bambo, matope onsewa! Mwalimbana ndi nkhumba za ndani? Lowani, khalani pamoto."

Wansembeyo anafotokoza zonse. Mayi Tranter anasiya ketulo nakhala pansi pang'onopang'ono.

"Anati madzi akuwalowera?"

"Anatero, mayi."

"Ndi a Enoch amenewo, amuna anga. Anagwa padenga la katchalitchiko akulikonza, mwana wanga woyamba ali wakhanda. Lero mwanayo ali ndi imvi. Tinawaika kukhoma lakumpoto, pomwe denga limakhuthulira madzi."

Kenako gogoyo anatembenuka namuyang'ana wansembeyo m'maso.

"Amuna anga sankanama, bambo. Pambali pawo pali malo anga. Mwagulitsa ndi amenewo?"

Bambo Rawle anayang'ana motowo.