Anasainira M'galimoto

Nyumba ya a Bennet Mhango ku Braunstone inali ya lendi komanso yopanikiza, koma mwana wokuliramo analibe choti n'kudandaula. Bambowo ankalongedza katundu ku weyahausi kunja kwa Leicester, Lamulungu n'kuvala jekete lawo la ukulu wa mpingo. Akazi awo, mayi Bernadette, anali namwino, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'chipatala osaitanidwako ku ofesi pa mlandu. Mwana anali mmodzi yekha, Lumbani. Anafika ku Mangalande ali ndi zaka zisanu ndi zinayi koma Chichewa sanataye, chifukwa mayi ake sankayankha aliyense wowalankhula Chingerezi m'khitchini mwawo.

Atakwanitsa zaka makumi awiri ndi ziwiri, mayi akewo anakamupemphera ntchito ku kampani yaing'ono yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Anamuchitira umboni kwa manijala kuti ndi mwana woopa Mulungu, ndipo pa nthawiyo sankanama. Ntchitoyo inali yodzutsa okalamba, kuwasambitsa, kuwapatsa chakudya ndi mankhwala, theka la ola pa khomo lililonse, kenako kuthamangira khomo lina. Wantchito akafika ankasaina pa foni ya kampani, foniyo n'kutsimikiza kuti wafikadi pamalopo. Potuluka ankasainanso ndi kulemba mmene wamusiyira munthuyo, ndipo achibale ake ankawerenga zimenezo pa mafoni awo. Lumbani ankayendera kagalimoto kakale ka mayi ake, kosaoneka bwino koma kolowa paliponse.

Mwa okalamba onse, amene anamukonda kwambiri anali a Razak a ku Belgrave. Iwowa anali Amwenye obadwira ku Limbe, ndipo anali ndi sitolo kumeneko asanasamukire ku Leicester ali anyamata. Atadwala sitiroko, mwendo umodzi unayamba kukoka ndipo Chingerezi chinawathawa mkamwa, n'kutsala ndi chilankhulo cha makolo awo ndi Chichewa cha ku Limbe. Mwana wawo Zeenat, amene ankagwira ntchito ku Loughborough, ndiye anachonderera kampani kuti iwapezere munthu wolankhula Chichewa. Nkhalambayo inkakhala yokha. Lumbani akalowa m'mawa inkati, "Wabwera mwana wa kwathu," kenako n'kuyamba kumufunsa ngati mango a ku Salima akadali okoma, ngati kuti mnyamatayo anali kumeneko dzulo.

Zinthu zinayamba kupendekeka Lumbani atagwirizana ndi Foster, mnyamata wa digiri ya zamainjini amene Lamulungu masana ankasonkhana ndi anzake pabwalo lina kuonetsana magalimoto.

"Aise, kagalimoto kako kamalira ngati makina osokera," anatero Foster tsiku lina, anzake akuseka. "Umagwira mashifti onsewa kuti uziyenda ngati agogo amene umawasambitsawo? Ukafika pa tchalitchi palibe ndi mtsikana mmodzi yemwe amacheuka."

Mawu opusa ngati amenewa munthu amangowaseka n'kuwasiya pomwepo, koma Lumbani anapita nawo kunyumba. Patatha miyezi iwiri anatulukira ku Braunstone ndi chigalimoto cha ku Amereka, chachikasu, chotambalala ngati bedi la anthu awiri, chiwongolero kumanzere, injini ya masilinda asanu ndi atatu. Akachiliza, mawindo a nyumba zoyandikana ankanjenjemera. Kagalimoto kakale kaja anakagulitsa sabata yomweyo kuti asadzayesedwe kubwererako.

A Mhango anachizungulira kamodzi, manja ali kumbuyo, n'kuima.

"Galimoto iyi anaipangira misewu ya kwawo yotakasuka. Iwe ntchito yako ili m'tinjira ta ku Belgrave, kumene magalimoto amaima mbali zonse ziwiri. Uziimika pamutu pako?"

"Adadi, inu zagalimoto simuzidziwa. Ndagula ndi thukuta langa."

"Okalamba aja sadikira galimoto yako, amadikira manja ako," anatero mayi ake ali pakhomo. "Ndinakuchitira umboni ine. Usandichititse manyazi."

Lumbani anayankha kuti akuluakulu amaopa chilichonse chatsopano, n'kulizanso injini kuti asamve zotsala.

Sipanathe mwezi zonena za bambo ake zinayamba kuoneka. Chigalimotocho chinkamwa petulo ngati chabooka, moti masiku awiri alionse Lumbani ankakhala pa mzere wa pa filing'i siteshoni nthawi imene anayenera kukhala pakhomo pa munthu. Malo amene kagalimoto kaja kankalowa mosavuta, ichi chinkangowadutsa. Ankazungulira, kuzungulira, kukaimika kutali, n'kufika pakhomo atataya mphindi khumi ndi zisanu. Theka la ola la nkhalamba linasanduka mphindi khumi. Tiyi ankamusiya patebulo osaona ngati wamwedwa. A Razak akayamba za ku Limbe, iye ankayankha ali chiimire, maso ali pa windo, khutu lili kumsewu.

Tsiku lina anapeza munthu atachikala pa chitseko. Kachilema kake kanali kosaposa chala, koma Lumbani anakalira ngati maliro. Nkhalamba zitatu zinadya mochedwa tsiku limenelo chifukwa iye anali pa foni kufunsa za penti. Kuyambira pamenepo analumbira kuti sadzachiimikanso pamalo opanikiza, zivute zitani.

Manijala anamuitana kawiri za kuchedwa. Mayi ake atamva, anamukhazika pansi Loweruka m'mawa n'kumuuza mosapsatira kuti agulitse chinthucho kapena aziyenda pa basi. Iye anati akuchikonza. Kukonza kwake kunali kukadandaula kwa Foster.

"Ndiwe wogona," anatero Foster. "Foniyo imadziwa msewu, sidziwa khomo. Ukaima panja penipeni imavomera kuti wafika. Amene ali bwinobwino, saina uli m'galimoto, upitirire. Ndani akuone?"

Anayamba ndi mayi wina wokalamba amene ankatha kudziphikira yekha. Anasaina panja, analemba kuti zonse zili bwino, ndipo palibe chinachitika. Sabata yotsatira anachitanso kawiri. Lamulungu anaimba nawo mu kwaya, mawu ake osanjenjemera n'komwe.

Kenako inafika sabata ya Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, pamene Belgrave yonse imadzaza alendo ndi magalimoto obweretsa katundu m'masitolo. Linali Lachiwiri, eyiti koloko m'mawa, chisanu chitayeretsa madenga. Lumbani anazungulira msewu wa a Razak kanayi. Malo analipo amodzi pakona, pafupi ndi mabini, oti galimoto wamba n'kulowa bwinobwino, koma chake chikanatsala mchira uli mumsewu. Bwalo lalikulu loimikapo magalimoto linaliponso, ulendo wa mphindi khumi wapansi. Mnyamata wa miyendo yake iwiri, wa zaka makumi awiri ndi zitatu, anaona kuti mphindi khumi n'zambiri.

Anaima pakati pa msewu moyang'anizana ndi chitseko cha a Razak, injini ikugunda. Makatani anali otseka. Iye ankadziwa bwino lomwe kuti nkhalambayo imatsegula makatani yokha ikangotha kuswali, pemphero lake la Chisilamu, m'mamawa, ndipo chiyambire ntchito sanawapezepo otseka. Anawaona, ndipo dzanja linafika pa chitseko cha galimoto. Vani ina kumbuyo inaimba huta. Lumbani anabweza dzanja, anatenga foni, anasaina, n'kunyamuka.

Anakagula khofi. Patatha theka la ola anabwereranso, chifukwa kusaina kotuluka kumafunanso malo omwewo. Anaimanso pakhomo pomwepo, makatani akadali otseka, n'kulemba kuti: adzuka bwino, adya phala, amwa mankhwala, akuseka.

Zeenat anawerenga mawuwo ali ku Loughborough. Anali atakonza zodutsa kwa bambo ake masana chifukwa cha kuzizira, koma ntchito inamupanikiza, ndipo mawu akuti "akuseka" anamukhazika mtima pansi. Sanapite.

Faifi koloko madzulo, Rachael, wantchito wa ulendo wachiwiri, anatsegula chitseko n'kuwapeza a Razak ali pansi m'kanjira kopita ku khitchini. Anagwa kusanache, fupa la m'chiuno litathyoka, ndipo anagona pa simenti yozizirayo tsiku lonse, mayadi anayi okha kuchokera pa chitseko. Ambulansi inawatenga akunjenjemera, milomo itauma.

Lachitatu manijala anamuitana Lumbani. Mnyamatayo analowa ndi bodza lake lokonzakonza, kuti anawasiya ali bwino ndipo ayenera kuti anagwa iye atachoka. Manijala sanatsutse. Anangoika patebulo kabokosi ka mankhwala, kachipinda ka Lachiwiri m'mawa kali kodzaza. Kenako anamuuza kuti anthu atatu a mumsewuwo anaona galimoto yachikasu ikuima kawiri osatsikamo munthu, ndipo sanafunike kufunsidwa kuti inali ya ndani. Chinthu chimene anagula kuti anthu azimuona chinagwira ntchito yake. Anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo nkhani inapita kwa apolisi.

Mayi Bernadette atamva sanalire. Anatembenukira kwa mwana wawo, yunifolomu ikadali m'thupi.

"Ukanangolephera kupita, ofesi ikanatumiza wina. Ukanangokhala chete, mwana wawo akanapita masana. Koma iwe unalemba kuti akuseka. Unatseka chitseko chija ndi dzanja lako, Lumbani."

"Amayi, panalibe poti n'kupaka..."

"Khala chete. Usatchulenso chigalimotocho m'nyumba muno."

A Razak anamwalira Lachisanu m'mawa, chibayo chitalowa m'chifuwa, ndipo anawaika tsiku lomwelo monga mwa mwambo wa Chisilamu. Lamulungu potuluka m'tchalitchi, a Mhango ananena kuti munthu wa ku Limbe ndi wa kwathu, ndipo maliro a kwathu sitipepesa pa foni. Lumbani anakana, anachonderera, ananena kuti apolisi mwina sangalole. Bambo ake anati ngati apolisi akufuna kumanga munthu chifukwa chopepesa maliro, ayambe ndi iwo. Anakwera basi onse atatu.

Zeenat ndiye anatsegula chitseko cha nyumba ya malemuwo. Mkati munali azimayi atakhala pansi, nsapato zitaunjikana m'kanjira. A Mhango anavula chipewa, anafotokoza kuti iwo ndi ndani, n'kupepesa m'Chingerezi chawo chaulemu. Zeenat anawamvetsera mpaka kumaliza. Iye anabadwira ku Leicester, Chichewa amangomva, sayankha. Koma atatembenukira kwa Lumbani analankhula Chichewa, pang'onopang'ono, monga anachimvera kwa bambo ake pa bedi la kuchipatala.

"Anati, ndinamva galimoto ya mwana wa kwathu. Ndinati basi ndapulumuka. Ndinaitana, ndinaitana, inachoka. Itabweranso ndinati wakatenga anthu."

 

Zeenat anapatuka pang'ono n'kuuza makolowo m'Chingerezi kuti iwo alowe, bambo ake akanakondwa kuona anthu a kwawo. Lumbani atasuntha phazi kuti atsatire, mkaziyo anatchinga khomo ndi mkono.

"Uyu ayi. Masiku amene ankafunika mkati muno anasankha msewu. Adikire komweko."

Chitseko chinatsekeka. Lumbani anaima panja m'chisanu ola lathunthu, anthu obwera kudzapepesa akumulambalala, ena akunong'onezana, pomwe mkatimo bambo ake ndi mayi ake, amene sanalakwe kanthu, anali atagwada kupepesa tchimo lake. Dzina lake linalowa m'kaundula wa anthu oletsedwa kusamalira odwala ndi okalamba, ndipo mlandu wake ukudikira tsiku ku khoti.

Wachinyamata iwe, wa kusukulu kapena wa mu kwaya, usadzinamize kuti Lumbani anali munthu woipa kuposa iwe. Sanabe, sanaledzere, sanamenye munthu. Anangofuna kuti anthu azicheuka akamadutsa, ndipo kudzikuza kumeneko kunabala ulesi, ulesi n'kubala bodza. Chinthu chimene wagula kuti uoneke chikayamba kukulamula koti uime ndi nthawi yoti ufike, chichotse msanga usanayambe kuchinamira. Ukalephera ntchito nena kuti walephera, ena athandize. Bodza lonenera munthu wodwala limabweza onse amene akanamupulumutsa, ndipo munthu akafa kupepesa kwako sikumudzutsa.