Tinakatenga Amuna Anga pa Galimoto Yosalira

Madzulo amenewo kunali kotentha monga mwa masiku onse kwathu ku Pingtung. Anansi anali panja pa timipando tawo, akudzikupiza ndi makatoni. Kwathu kokha ndiko kunali tenti ya maliro, itatseka theka la msewu.

Amuna anga, a Ang Kim-hok, anagwa dzana lake m'munda wathu wa mavwende, kutsidya kwa mtsinje. Thupi linabwera pa ambulansi. Koma munthu akafera kumunda, mzimu umatsala pomwepo, osadziwa njira. Umafunika kukautenga. Mukapanda kutero, dzina lake mulilemba pa guwa la makolo, mpunga muzipereka chaka ndi chaka, mwiniwake ali ndi njala kumchenga.

Wansembe wa kukachisi anati tipite dzuwa likangolowa.

"Titenge kalole ka bambo ako," ndinauza mwana wanga Bun-liong.

"Amayi, kalole kaja giya yake mpaka kugwira ndi manja awiri. Chiwongolero ngati ukupotokola khosi la ng'ombe. Mukufuna tikagwere mumtsinje, tenti imodziyi itikwanire tonse?"

Iye anali atagula galimoto ya haibulidi, yoyendera petulo ndi batire, ndipo ankaitama ngati mkazi wachiwiri.

"Yangayi mumangodina batani. Mukamayenda pang'onopang'ono imayendera batire, injini ili mtulo. Palibe kugwedezeka, palibe utsi. Bambo afika kunyumba ngati bwana."

"Bambo ako sanakweremo n'kamodzi komwe. Ankati galimoto yosatsokomola ili ngati mlendo wolowa m'nyumba osanena odi."

"Nanga ine m'kalolemo ndikhala pati, Amayi?" anatero mkazi wake, Siok-hun. "Pamwamba pa matumba a fetereza?"

Ndinamuyang'ana. Ameneyu anabwereka mphika wanga waukulu pa Chaka Chatsopano, mpaka lero sunabwerere. Koma silinali tsiku lokumbutsana miphika. Ndinakwera.

Kumunda tinapeza wansembe atafika kale pa njinga yake yamoto. Analiza kabelu. Anapachika malaya a amuna anga pa nsungwi, nandipatsa kambiya ka lubani. Kenako anaponya makobidi awiri kuti afunse ngati womwalirayo walola kupita nafe. Limodzi likagwa chagada lina chafufumimba, ndiye kuti inde. Akagwa mofanana, wakana.

Anagwa mofanana. Anaponyanso. Mofanana.

Mdima unali ukutsika. Wansembe anayang'ana foni yake, poti anali ndi maliro ena. Anaponya kachitatu.

"Avomera," anatero, akutola msanga.

Ine ndinaona kuti kobidi limodzi linaima chopendekera mumchenga. Mkazi wamasiye satsutsana ndi wansembe pamaso pa mpongozi.

"Pokhota paliponse, ndiponso pa mlatho, muziwaitana," anatero. "Dzina lonse, mayi. Ndipo wina asacheuke mpaka pakhomo."

Ananyamuka. Kanyali kofiira ka njinga yake kanazimirira m'mabango.

Bun-liong ndi mkazi wake anakhala kutsogolo. Ine kumbuyo, pafupi ndi zenera lotsegula, nsungwi itatulukira panja. Mpando wa pambali panga tinasiyira bambo.

Bun-liong anadina batani. Palibe chinalira. Ndinangoona mizere ya mavwende ikuyenda chobwerera, ndiye ndinadziwa kuti tanyamuka.

M'kalole umamva galimoto m'mano, m'msana, m'mapazi. Umu ndinkamva mchenga ukuphwanyika pansi pa matayala. Ndinkamva achule. Ndinkamva madzi a mtsinje, ngakhale anali patali. Ndinkamva Siok-hun akumeza malovu.

Apongozi anga aakazi atamwalira kuchipatala, tinakawatenga pa kalole, ndipo woitana ndinali ine. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, komabe amuna anga ali pachiwongolero pomwepo ankati sakumva. Kukhosi kwanga kunazolowera zimenezo.

Tinafika pokhota poyamba. Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule dzina.

Linakana kutuluka. Chikwatiwireni sindinawaitanepo ndi dzina. Ndinkangoti "inu", iwo n'kutembenuka.

"Inu! Tikukhota, tsatirani!"

Mawu anga anatuluka pazenera, nayenda pamwamba pa madzi, nakagunda kutsidya, nabwerera.

Achule analeka kulira.

"Amayi, tsitsani mawu," Bun-liong ananong'ona. "Si m'kalole muno."

"Yendetsa iwe. Kuitana n'kwanga."

Mlatho wathu ndi uja wam'munsi, wa simenti, wopanda zotchingira m'mbali, umene umamira kukabwera namondwe. Bun-liong anachepetsa liwiro. Galimoto inatsetserekerapo ngati ikuyandama.

"Dzina, Amayi," anatero Siok-hun osatembenuka.

"Inu! Tikuwoloka mlatho! Musatsale, tiyeni kunyumba!"

Ndinakuwa kawiri. Usiku wonse unali chete, ngati ukumvetsera ine ndekha.

Tili pakati pa mlatho, injini inadzuka.

Inayamba ndi kunjenjemera pang'ono, kenako kubuula, ngati ikukwera phiri. Pamlathopo m'posalala ngati tebulo.

"Imatero batire ikachepa," anatero Bun-liong.

Siok-hun anawerama, nayang'ana pa galasi lowala la kutsogolo. "Batire ndi yodzaza."

"Ndiye kuti... imateronso ikalemedwa."



Kumbuyo kwa galimoto kunatitimira. Ndakwera pa katundu moyo wanga wonse, ndimadziwa mmene galimoto imakhalira pansi wina akakwera. Inatitimira kamodzi. Ndinati mumtima, afika. Kenako inatitimiranso.

Kabelu ka galimoto, kochenjeza kuti wina wakhala pa mpando osamanga lamba, kanayamba kulira kutsogolo. Ting'i. Ting'i. Ting'i.

"Amayi, mangani lamba," anatero Bun-liong.

"Ndamanga kale."

"Ikuonetsa mpando wa pakati," anatero Siok-hun. Mawu ake anali atachepa ngati a mwana. "Ayi. Wakumapetonso."

"Usacheuke!" anakuwa Bun-liong.

Ine sindinafunike kucheuka. Zinali pambali panga. Maso ndinalozetsa pa kambiya, ndipo ndinaona utsi wa lubani, umene unkatulukira pazenera, ukupindikira mkati. Unagawika. Kunabwera fungo la matope a pansi pa mtsinje. Amuna anga ankanunkha fodya ndi mafuta opaka m'mawondo. Fungo limenelo munalibe.

Thalauza langa linayamba kuzizira mbali imodzi. Linali likunyowa.

"Chiwongolero chalemera," anatero Bun-liong. "Sichimatero ichi. Chimayenda ndi chala chimodzi."

"Ponda mafuta!" anakuwa Siok-hun.

"Ndaponda, mkazi iwe!"

Tinatuluka pa mlatho tikukwawa. Panali pokhota pena pawiri tisanafike kumudzi. Sindinaitanenso. Palibe anandikumbutsa. Kabelu kaja kanalira njira yonse, ndipo agalu a m'minda ya magwafa, amene sadzukira galimoto imeneyi, anatithamangitsa akulira mokweza mitu.

Pakhomo, Bun-liong anatsegula chitseko cha kumbuyo, maso ali kumbali. Kabelu kanasiya. Injini inazima. Kumbuyo kwa galimoto kunatukuka pang'ono, kawiri kapena katatu, sindinganame.

Wansembe anali akudikira m'tenti. Anaika kambiya pa tebulo la maliro, patsogolo pa chithunzi, napatsa Bun-liong makobidi.

"Mwafika kunyumba?" mwana wanga anafunsa, naponya.

Limodzi chagada, lina chafufumimba. Kamodzi n'kamodzi.

Bun-liong anapuma, nalira. Wansembe analandira envelopu yake, napita. Siok-hun anakapukuta mpando wa kumbuyo ndi thawulo, ndipo thawulolo sanabwere nalo m'nyumba.

Ine katundu sindilandira osamasula. Ngakhale thumba la mpunga lochokera kwa mchimwene wanga ndimapisamo dzanja mpaka pansi. Ndinadikira onse agone. Ndinayatsa lubani wina, ndinatenga makobidi.

Nthawi imeneyi dzina linatuluka.

"Kodi ndinu a Ang Kim-hok?"

Mofanana.

Mwina ndinaponya molakwika. Ndinafunsanso. Mofanana.

"Muli nokha?"

Mofanana.

"A Kim-hok ali nanu?"

Makobidi anagubuduzika pa simenti nthawi yaitali, nagona. Mofanana.

Ndinakhala pa mpando mpaka kunja kuyera. Mpunga umene tinaika pa tebulo unali utazizira ndi kunyowa, ngati wagwa m'madzi.

M'mawa mnansi wanga, mayi Lua, anabwera kudzathandiza kupinda mapepala owotchera womwalira pa maliro. Anakhala pafupi, nayankhula ali chiweramire.

"Mlamu, dzulo tinakumvani."

"Kuti?"

"Konkuno. Tili pakhonde. Mawu anu okha, akuchokera kumtsinje. Galimoto sitinaimve ayi. Amuna anga mpaka anazimitsa wailesi." Anapinda pepala lina. "Dzina sitinalimve."

Ndinatenga pepala, nanenso ndinayamba kupinda.

"Paja chaka cha chigumula chija, pamlatho paja panapita anthu. Aganyu ochokera kutali, opanda abale kuno. Palibe anabwera ndi nsungwi kudzawatenga. Anthu akuti amangokhala m'mphepete, kumvetsera. Malole amadutsa akubangula, iwo samva kanthu. Ndiye dzulo wina wadutsa mwakachetechete, n'kunena momveka bwino kuti tiyeni kunyumba."

"Bun-liong asamve zimenezi."

"Mudzi wonse wamva, mlamu."

Maliro ndi mawa. Wansembe akuti zonse zinayenda bwino, dzina lilembedwa pa guwa, ndipo kupitanso kumunda n'kunyoza ntchito yake. Bun-liong akuti galimoto ili ndi vuto la mawaya a pansi pa mipando, akaionetsa kugalaja. Siok-hun watenga ana awo, wakagona kwa amayi ake.

Masanawa kunabwera munthu wothyola mavwende m'munda woyandikana ndi wathu. Sanalowe m'tenti. Anandiitanira pamsewu, chipewa chili m'manja.

Akuti mbandakucha, akufika kumunda, anaona mkulu wina ataima kumapeto kwa mizere yathu, wopanda malaya. Sankayang'ana msewu. Anali atapendeketsa mutu, dzanja lili kukhutu.