Kansalu Kotsala pa Sanda

Hidaya ankayankha moni ali chitsinzire. Ukamupeza pa mathandala oyanikapo usipa ku Senga Bay n'kumulonjera, iye ankati "ndadzuka, kaya inu" maso ali otseka, manja akutembenuzabe nsomba. Osamudziwa ankati ndi matama. Sanali matama ayi. Mkaziyo ankaba tulo pang'onopang'ono ali chiimire, chifukwa usiku tulo sitinkamudziwa.

Nkhaniyi sindinaitole pamsika. Anandiuza ndi Gladys, amene ankakhala naye khomo ndi khomo pa mdadada wa lendi kuseri kwa chigayo, zipinda zawo zitalekana ndi chipupa chopyapyala chimene ngakhale kutsokomola kunkadutsa. Gladys ndi mayi wa Mvano, sasewera ndi nkhani za akufa. Alipo mpaka lero, amagulitsa zitumbuwa pasiteji ya kabaza. Wokayika akamufunse.

Tulo ta Hidaya tinapita ndi mwamuna wake, Abbas. Mwamunayo anamusudzula pa foni, talaka ngati akuitanitsa katundu, n'kukakwatira mtsikana wa ku Maganga. Anamusiyira mwana wamkazi wazaka zisanu, Layla, ndi chitseko chimene loko wake unali msomali wopinda. Kuyambira pamenepo, Hidaya akangofika pamphasa mutu unkayamba ntchito. Mwana akatsokomola, iye waona kale manda. Mwera ukagwedeza malata, iye wamva kale mbava. Mtima unkagundira kukhosi. Ankamva injini za asodzi zikupita, n'kuzimvanso zikubwera, mpaka adhana ya m'bandakucha, yoitanira anthu kumzikiti, inkamupeza maso ali gwa.

Kuchipatala anamupatsa panado ndi mawu akuti, "Mayi, musamaganize kwambiri." Amayi anzake pa mathandala anali ndi mankhwala awoawo.

"Matenda akowo mankhwala ake amavala buluku," anatero mmodzi. "Peza msodzi akugoneke."

"Msodzi usiku amakhala panyanja," anayankha Hidaya. "Ndiye adzandigoneka nthawi yanji?"

Anaseka onse, iyenso anaseka. Koma tsiku lomwelo anasinza akufutsa usipa, beseni lonse linagwera mumchenga, ndipo mwini nsomba anamuuza kuti zikadzachitikanso akasinzire kwawo. Atafika kunyumba anapeza Layla akuimba kanyimbo ka kumadirasa. Anamumenya ndi silipasi pakamwa. Mwanayo sanalire, anangomuyang'ana. Kuyang'anako kunamusautsa Hidaya usiku wonse.

Sabata imeneyo kunamwalira gogo wina kuseri kwa mzikiti, ndipo Hidaya anali m'gulu la otunga madzi osambitsira maliro. Wosambitsa maliro a akazi kumeneko anali mayi Karima, munthu wamfupi, wa manja oyera mbuu chifukwa cha sopo. Amuna atanyamula maliro kupita nawo kumanda, mayi Karima anamukodola Hidaya kuseri kwa bafa.

"Maso akowa, mwana wanga. Unagona liti?"

"Sindikumbuka, mayi."

Mayi Karima anayang'ana Layla, amene ankasewera ndi tizitsekero ta mabotolo pamchenga.

"Ndi wako uyu? Amagona bwino?"

"Uyu? Tulo tofa nato."

"Basi."

Anatulutsa m'chitenje kansalu koyera, kotalika ngati mkono wa mwana, kong'ambidwa pa sanda imene anakulungira gogo uja. Kankanunkhira lubani.

"Uike pansi pa mutu. Usauze shehe."

Hidaya ankadziwa kuti izi n'zosaloledwa. Anakalandira.

Usiku umenewo sanamve injini ngakhale imodzi. Anadzuka dzuwa litalowa m'mipata ya chitseko, thupi lili pepuu ngati la mtsikana. Layla anali khale pakona, maondo atawakumbatira.

"Wadzuka kale iwe?"

"Sindinagone."

"Chifukwa?"

"Agogo anandikaniza."

"Agogo ati?"

"Amene anagona pakati pathu. Amazizira."

Hidaya anaseka, n'kunena kuti ndi maloto. Anamugulira mwanayo mandasi awiri.

Masiku otsatira anthu anayamba kumuyamikira. Nkhope inasalala, mawu anabwerera, pa mathandala ndiye anali woyambitsa nthabwala. Amayi aja ankati wapezadi wabuluku koma akubisa. Gladys yekha ndi amene sankaseka, chifukwa iye ankamva za kuseri kwa chipupa. Ankati pakati pa usiku achule a kudambo ankasiya kulira onse nthawi imodzi. Kenako fungo la lubani. Kenako madzi, akuthiridwa pang'onopang'ono ngati ochokera m'ketulo, pamene m'chipinda cha Hidaya munalibe ketulo. Ndipo pansi pa phokoso la madzilo, kamawu ka Layla.

"Ndili maso, agogo. Ndili maso."

Mwanayo anayamba kutha. Maso analowa m'kati, m'mphepete mwake mutafiira. Ankayenda akugunda zinthu. Masana Hidaya ankamugoneka pamthunzi wa thandala, koma iye ankangoti chagada, kuyang'ana kumwamba, ntchentche n'kutera pakona pa diso osaphethira. Kuchipatala anamuyeza malungo, sanawapeze. Namwino anati, "Mwanayu azigona mokwanira, mayi."

Hidaya sanali chitsiru. Madzulo ena anachotsa kansalu kaja n'kukakasomeka padenga la bafa. Layla anagona asanamalize n'kudya komwe, mbatata ili m'manja. Hidaya sanagone. Zonse zinabwerera, ndipo zinabwera ndi abale ake. Mtima kukhosi, thukuta lozizira, manda, mbava, mawu a mwini nsomba. Kunja kutacha analephera ngakhale kumanga mpango.

Madzulo ake anakatenga kansalu kaja.

"Lero lokha," anadziuza.

Musamupezere zifukwa, ankadziwa chimene akuchita. Koma amene sanakhalepo miyezi osagona asafulumire kulavula. Lero lokha lija linabereka lero lokha lina. Layla anasiya kulankhula. Anasiya ngakhale kuyankha agogo aja, moti Gladys ankangomva madzi okha.

Madzulo ena Gladys analowa popanda odi, anamunyamula mwanayo ngati kamtolo ka nkhuni zouma.

"Aneba, mwanayu agona kwanga lero. Mukafuna mukandisumire."

Hidaya sanatsutse. Mumtima anati bola, agona yekha popanda wopwetekeka.

Kwa Gladys mwana anagona tulo mpaka mkonono. Gladys yekha anakhala tsonga, kumvetsera. Achule anasiya. Lubani anabwera, wamphamvu kuposa kale. Madzi anathiridwa nthawi yaitali. Kenako kunamveka nsalu ikung'ambika. Kenako zii.

Kutacha anagogoda. Zii. Anaitana. Zii. Anakankha chitseko, msomali uja unawongoka.

Hidaya anali atagonera kumanja, nkhope kuloza ku kibula, kumene ankayang'ana popemphera, monga amagonekera maliro. Tsitsi lili chonyowa, lolukidwa bwinobwino. Thupi likununkhira sopo. Zala zazikulu za kumapazi zitamangidwa pamodzi ndi ulusi woyera. Kansalu kaja katamanga chibwano, mfundo ili pamwamba pa mutu. Pansi ponse panali pouma. Nyerere zinali zitazungulira mphasa, osakwerapo ngakhale imodzi.

"Yesu wanga," anatero Gladys.

Anamasula chibwano, anamuomba mbama, anamuthira madzi, anamuombanso. Patapita nthawi Hidaya anakoka mpweya ngati munthu wovuulidwa m'nyanja.

"Mwandidzutsiranji?" anafunsa, mawu ali kutali. "Agogo anali atatsala pang'ono kumaliza."

Atazindikira chimene wanena, anasanza.

Tsiku lomwelo anakaponya kansalu kaja pamoto wofutsira usipa, Gladys akuona. Kanapsa, kanasanduka phulusa. Madzulo atafunyulula mphasa, kanali pomwepo, koyera, konyowa pang'ono. Anakamangirira kumwala n'kupatsa msodzi wina kuti akaponye pakuya. Msodziyo analumbira kuti anaponya. Kanafika kunyumba iye asanakocheze.

Anapita kwa mayi Karima, anawapeza akusankha mpunga m'lichero.

"Tengani chinthu chanu."

"Changa? Ndinakupatsa, unalandira ndi manja awiri."

"Chikundiphera mwana."

"Kamatenga kwa amene wagona nawe chipinda chimodzi," anatero mayi Karima osadzutsa mutu. "Kakasowa wotengako, kamatenga mwini wake yense. Ine sindinakonze zimenezo."

"Ndikakabweze kumanda kwa eni ake."

"Akazi sitilowa kumanda, ukudziwa. Ndipo chong'ambika sichibwerera pa sanda."

"Ndikauza shehe."

"Kawauze. Koma ukayambire pa tsiku limene unakachotsa padenga la bafa, ukudziwa bwinobwino chimene kakuchita kwa mwana."

Za denga la bafa Hidaya anali asanauze munthu aliyense, ngakhale Gladys. Anabwerera nako kunyumba kansalu kaja.

Kuyambira pamenepo anasiya kugona pansi. Layla ankagona kwa Gladys, iye ankachezera pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, tsabola ali m'kamwa. Mutu ukangoti ugwe, lubani ankafika pamphuno, ndipo ankamva zala zozizira zikuyeza chibwano chake. Ankadzidzimuka n'kudziluma lilime. Gladys anati akagone kwa azibale ake ku Salima, koma Hidaya anafunsa kuti mwa ana a mchemwali wake asankhe uti. Ntchito ya pa mathandala inatha. Anayamba kuona anthu pamene panalibe anthu. Onse awiri ankadziwa kuti thupi silingapirire, tsiku lina adzagwa basi, ndipo akadzagwa yekha sadzadzukanso.

Ndi m'masiku amenewo pamene Abbas anatulukira pa njinga yamoto, atavala magalasi akuda, mimba itayamba kutsogola. Sanatsike n'komwe. Anamuyang'ana Hidaya kuchokera kumutu mpaka kubeseni.

"Iwe, wakalamba bwanji? Anthu akuti wapenga."

"Mwabwera kudzaona mwana, bambo a Layla?"

"Mwana ndimuona. Ndabwera kudzakuthandiza." Anavula magalasi. "Mayi a kunyumba abereka, mwana wamwamuna. Koma anachita kuwang'amba kuchipatala, satha ngakhale kudzuka okha. Abale awo ali kumpunga, akukolola. Pakufunika munthu wogona nawo m'chikuta, wowapatsira mwana usiku, wochapa matewera. Iwe ntchito ulibe, komanso akuti sugona. Ndiye si bwino kusagonako kukhale ndi phindu?"

Anaseka yekha. Gladys, amene ankakazinga zitumbuwa pakhomo pake, anadikira kuti Hidaya amuthire munthuyo madzi a m'beseni. Hidaya wakale akanatero.

"Ndizikagona m'chipinda chawo?" anafunsa Hidaya.

"Nanga ukufuna chako? Pansi, pambali pa bedi. Ine ndasamukira pabalaza, kulira kwa khanda sindigwirizana nako."

"Layla atsala kwa anebawa. Sanachire."

"Bola. Pakamwa pamodzi pachepa." Anaponda injini. "Ukwere kabaza mawa, ndikalipira ukafika. Ndipo ukasambe, ukununkha maliro."

Fumbi litatha, Gladys anasiya zitumbuwa zikupsa.

"Aneba, musatero."

"Andiitana okha. Mwamva ndi makutu anu."

"Mtsikanayo sanakulakwireni. Anangokwatiwa."

"Nanga Layla analakwira ndani?"

"M'chipindamo muli khanda, Hidaya. Khanda la masiku."

"Muli khanda, muli mayi ake." Hidaya anatulutsa mapazi m'beseni, atatuwa ngati chinangwa chonyika. "Ine sindikasankha. Kakasankha kokha."

"Ndiye mukadzamva kuti lamwalira, mudzagona?"

Hidaya anamuyang'ana ndi maso ofiira aja.

"Ndidzagona, aneba. Vuto lake ndi limenelo."

Gladys akuti anaganiza zothamangira ku Maganga kukawachenjeza. Koma akanati chiyani, kwa ndani? Abbas akanamuseka. Ndipo akanamumvera, Hidaya akanatsala pakhonde paja mpaka kugwa, Layla n'kukhala wamasiye m'manja mwake. Sanapite. Akuti mpaka lero akafika pamenepa popemphera, mawu amamuthera.

M'mawa mwake Hidaya analowa kwa Gladys. Layla anali m'tulo, kukamwa kuli yasa, tsaya litayamba kubwerera. Anamuyang'ana nthawi yaitali koma sanamukhudze, kuopa kumudzutsa. Anasiya pambali pake diresi la kumadirasa ndi kope la kusikelo.

Kenako analowa kwake kukalongedza, Gladys ataima pakhomo. Zitenje ziwiri, mpango, sopo, silipasi, mkeka wopempherera. Mkekawo anaugwira, anaganiza, n'kuubwezera pamsomali. Anatseka chikwama, anagwada, anafunyulula mphasa kuti atenge kansalu kaja.

Panalibe.

Anakutumula mphasa. Anasuzumira kuseri kwa ndowa. Panalibe. Kwa kanthawi nkhope yake inamasuka, ndipo Gladys anayamba kunena kuti Mulungu ndi wamkulu.

Fungo la lubani linadzaza chipinda, kunja kutayera kale mbee.

Hidaya anatsegula chikwama pang'onopang'ono. Kansalu kanali pamwamba pa zitenje, kopindidwa bwino ngati kositidwa, konyowa pang'ono.

"Mwafulumira, agogo," anatero chapansipansi.

Anakoka zipi, anaika chikwama pamutu, n'kufunsa Gladys ngati akabaza a ku Maganga ayamba kale kunyamuka.