Kapu ya Madzi ya a Magret

Zebedee anabadwira pa famu ya tirigu ku Beatrice, m'dziko la Zimbabwe, kumene agogo ake anafikira pochokera ku Dedza. Famu itagawidwa, anathera m'kachipinda ka lendi ku Zengeza 4, m'tauni ya Chitungwiza, pamodzi ndi mayi ake a Magret, mkazi wake Winifred ndi mwana wawo Panashe. Ankasoka nsapato pa msika wa Chikwanha, koma mtima unali ku tirigu. Anabwereka kamunda ku Beatrice konko n'kulima bwino ndithu, koma makina okololera amayambira kwa olemera. Pofika kwa iye mvula inali itagwa kale, ngala zitamera tirigu ali chiimire. Morris, mnzake wa pa famu amene ankakolola msanga, ankadutsa pa lole n'kumuimbira hutala. Zebedee ankaweramira nsapato ngati sanamve.

Tsiku lina masana anazembera kuseri kwa mashopu, kwa sing'anga wotchedwa Kefasi.

"Sekuru, ndikufuna mvula izindidikira mpaka ndikolole."

"Kumanga mvula si nkhani, muzukuru," anatero Kefasi, akukulunga kanyanga m'sanza. "Koma madzi amene nditseke kumwamba, iwe uwatseke pansi. Ngala zikangocha, mpaka thumba lomaliza litasokedwa, wokupempha madzi uzimumana."

"Aliyense?"

"Ndati wokupempha. Mvula sisankha denga."

Zebedee anaona ngati zaulere. Ku Chitungwiza mipopi imakhalira youma, ndani angadabwe munthu akakaniza madzi?

Chaka chimenecho mitambo inkafika m'malire a munda wake n'kupatuka. Anzake analira, iye anagulitsa tirigu wouma pa mtengo wabwino. Anakulitsa munda, anagula lole, anamanga nyumba ku Unit A n'kukumbitsa mjigo pakhomo. Koma tirigu akacha, mjigowo unkagona ndi loko. Amayi oyandikana nawo ankaima pageti ndi zidebe, iye ali zii m'nyumba ngati mbava. Panashe akapempha madzi m'Chishona kuti, "Baba, mvura," iye ankanamizira kuyankha foni.

"Baba Panashe, ndi mwana wanu yemwe?" anafunsa Winifred.

Manyazi ankamugwira zedi, koma akayang'ana lole panja, ankawameza.

Chaka china a Magret anadwala mu Okutobala, makina atadula theka la munda. Winifred anali atapita kukagula mankhwala, m'nyumba mutatsala mayi ndi mwana. Kunkatentha, ndipo cha ku Beatrice kunkagunda.

"Zebe, mwana wanga, ndipatseko madziwo."

Kapu inali patebulo, pafupi ndi dzanja lake.

"Winifred akubwera, amayi."

A Magret anayang'ana kapu, n'kuyang'ana mwana wawo. "Ngakhale kapitawo wa pa famu uja ankatilola kumwa," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Zebedee anatuluka kukaima kuseri kwa lole. Winifred pobwera anapeza apongozi ake atatsamaya, milomo itang'ambika, kapu ili yodzaza.

M'mawa mwake kunabwera amayi a sosaiti ya maliro, aja amene amaikana okhaokha chifukwa kumudzi n'kutali. Wamkulu wawo anagwada pamaso pa Zebedee, anthu onse akuona.

"Bambo, tipatseni madzi tiwasambitse mayi anu."

Kiyi wa mjigo anali m'thumba. Theka la munda linali chiimire. Zebedee sanatulutse kiyiyo.

"Musavutike nawo," anatero Winifred mosakweza mawu. "Anawamana ali moyo."

Palibe anatukwana. Amayi aja amene ankabwezedwa pageti ananyamuka mmodzimmodzi, n'kubwerera atasenza zidebe za m'nyumba zawo, madzi amene anawapezera pa mzere. Anamudutsa osamuyang'ana. Apo m'pamene manyazi anamukulira. Anathamangira ku mjigo, anatsegula loko, anadzaza chidebe n'kupita nacho pakhomo.

"Tamaliza kale, bambo," anatero mayi wamkulu uja. "Pitani nawoni."

Koma madzi anali atatsegulidwa. Maliro asanafike kumanda, mvula ya matalala inagwa ku Beatrice, tirigu yense n'kugona m'matope. Lole yodzaza ndi tirigu wokololedwa kale inanyowera panjira, ndipo matumba anamera ndevu zobiriwira. Zebedee anathamangira kwa Kefasi, n'kupeza m'chipindamo mukumetedwa anthu. Winifred anatenga Panashe n'kupita kwawo.

Lero mukafika pa Chikwanha mudzaona munthu wansanza akuzungulira maminibasi ndi kapu m'manja. Mayi aliyense wa imvi amamugwadira, n'kumati, "Imwani, amayi." Palibe amalandira.

Dyera limayamba ndi kumana mlendo, limathera pa amene anakubereka. Tirigu akaola umadzalanso chaka chamawa, koma mayi sapempha madzi kawiri.