Dothi Losauma

Ine sindidziwa kukometsa nkhani. Kumsika ndimagulitsa mapoto ndi ndowa, ndipo amene anagulapo kwa ine akudziwa kuti ndikati mtengo ndi uwu, ndi womwewo. Izinso ndi chimodzimodzi. Zinamuchitikira mzime wanga ali ku yunivesite. Mlonda wa pamenepo ali moyo, kamufunseni. Zina ndinamva ndekha ndi makutu angawa.

Mwanayo ankaphunzira uinjiniya wa nthaka. Poyamba ndinamukalipira, ndinati zaka zonsezi kusukulu kuti uzikakanda matope? Iye anati nyumba zambiri sizigwa chifukwa cha njerwa, zimagwa chifukwa cha dothi limene zakhalapo. Ntchito yake ndi kuyeza kuti dothilo lingasenze katundu wolemera bwanji lisanatitimire, kenako n'kujambula maziko oyenera. Ndinati chabwino, bola udzalembedwe ntchito.

Chaka chomaliza ankagwira ntchito awiriawiri. Mnzake anali mnyamata wina amene ankangomutcha Wamtali, mwana wamasiye, wosalankhulalankhula ngati iye yemwe. Anawapatsa malo ena otsetsereka kumene kunkafunika khoma lotchinga dothi kuti lisagumukire nyumba za m'munsi. Anthu anawakumbira dzenje lakuya, iwo n'kutengamo dothi m'mapaipi achitsulo, n'kumata phula uku ndi uku kuti chinyezi chisathawe. Atafika kusukulu, Wamtali anakumbukira kuti sanayeze pamene madzi ankayambira kutuluka m'dzenjemo. Anabwererako yekha m'mamawa, mvula itagwa usiku wonse. Matabwa ochirikiza m'mbali anali atachotsedwa kale, popeza tsiku limenelo ankati akwirire. Iye analowabe. Anamufukula madzulo, tepi yoyezera akadaigwira.

Maliro atatha sukulu siinaime. Mphunzitsi wawo anamupepesa mwanayo, koma anati tsiku loonekera pamaso pa oyesa silisuntha, akapanda kumaliza abwereza chaka. Anzake onse anali kale awiriawiri, ndipo panalibe wofuna kukhudza dothi la m'dzenje lija. Tchuthi chitafika onse anapita kwawo. Iye anatsala.

Labu yawo, chipinda choyezeramo dothi, inali pansi pa nyumba, yotsikira masitepe, yopanda zenera. Munali uvuni wowumitsira dothi, masikelo, masefa, ndi fumbi louma paliponse. Kuyeza kwake kunali kotere: amadula kadothi kozungulira ngati bisiketi, n'kukaika m'kambale ka madzi, n'kukasanjikiza zitsulo zolemera. Kasingano ka pamakinawo kamasonyeza mmene dothilo likutitimirira. Poyamba limatitimira mofulumira, ndiye pamafunika anthu awiri. Wina amayang'ana wotchi n'kugogoda tebulo nthawi ikakwana, wina amawerenga kasinganoko n'kulemba. Wogogoda anali Wamtali. Ankagogoda kawiri ndi cholembera. Ko, ko.

Mzime wanga anayesa yekha. Maso ndi awiri, koma sayang'ana kuwiri. Akaona wotchi, kasingano kapita. Akaona kasingano, nthawi yadutsa. Anawononga paipi yoyamba, anawononga ina. Kukatenga dothi lina sikukanatheka, malo aja anali atatsekedwa. Inatsala paipi imodzi yokha.

Linali Loweruka madzulo. Nyumba yonse inali zii, kunkangomveka uvuni ukung'ung'udza ndi mpopi ukudontha pakona. Anachotsa phula, anadula dothi, analiika m'makina. Anasanjikiza chitsulo misozi itatseka m'maso.

Ko, ko.

Dzanja linalemba lokha mwa chizolowezi. Mutu unali usanaganize kanthu.

Ko, ko.

Analembanso. Kenako ndi pamene tsitsi linamuima. Anasuzumira pawotchi. Nthawi inali yeniyeni, osaphonya. Anatembenuka. Panalibe munthu. Kampando ka Wamtali kanali pakhoma pomwe anakasiya. Koma m'chipinda cha fumbi lokhalokha chija munadzaza fungo la nthaka imene yangogweredwa mvula.

Akanathawa. Ine ndikanathawa. Koma kasingano kankayendabe, ndipo paipi inali yomaliza. Anakhala pansi n'kumalemba mpaka kugogodako kunasiya.

Kuyezaku sikutha tsiku limodzi, tsiku lililonse amawonjezera chitsulo china. Mawa lake anatsikanso masitepe aja. Anaima pakhomo nthawi yaitali. Kenako anakoka kampando kaja n'kukaika pambali pa kake.

Musamuweruze. Sukulu yonse inali yopanda munthu. Ankadya yekha, kugona yekha m'nyumba ya zipinda zokhomakhoma, tsiku n'kutha osamva wina akumutchula. Pansi paja pokha ndi pamene panali womudikira.

Mlonda ndi amene anayamba kuda nkhawa. Akuti tsiku lina chakumadzulo, achule atayamba kulira m'ngalande, anamva munthu akuseka kunsi. Anatsika n'kusuzumira pagalasi la chitseko. Mtsikana anali yekha, akulankhula atapendekera kumbali. Pakampando kopanda munthu panali chinyezi chamatope, ngati pakhala wina wochokera pamvula.

Anagogoda pang'ono. "Asisi, muli ndi ndani umo?"

"Ndili ndekha, bambo."

"Nanga akugogoda tebuloyo?"

"Mwamvanso inu?" anatero, nkhope ili mwee. Mlondayo akuti chimene chinamuopsa si kugogodako ayi, koma kusangalala kwa mwanayo.

Dothi lotsala amaliumitsa m'uvuni kuti adziwe madzi amene munali. Lakelo linagona m'moto n'kutuluka lonyowa. Analibwezeramo. Linatulukanso lonyowa, likuzizira m'manja. Sanauze munthu. Analithira m'chitini n'kumagona nalo kuchipinda.

Foni anasiya kuyankha. Ine sindidikira nkhani kuti indipeze. Ndinatseka benchi yanga n'kukwera basi, ndinafika dzuwa likulowa. Mlonda ananditsogolera mpaka pamasitepe n'kuima.

"Mayi, ine ndithera pano."

Ndinamupeza mwana wanga ataonda, matope atadzaza m'zikhadabo, chitini chili patebulo. Fungo lija linandimenya pakhomo pomwe.

"Iwe, foni ndinakugulira kuti uzitsekera chitseko?"

"Amayi, musakweze mawu."

"Ndiwopa ndani?"

Ko, ko.

Ndinatembenukira kumene kunachokera kugogodako. Panalibe dzanja patebulopo. Ndinayang'anitsitsa, panalibe.

"Musaope, ndi mnzanga uja," anandinong'oneza. "Tatsala pang'ono kumaliza. Kenako tipita kukayeza madzi aja."

"Madzi ati?"

"A m'dzenje muja. Sanamalize kuyeza. Akufuna ndikamugwirire tepi."

"Dzenjelo anakwirira."

"Iye akudziwa polowera."

Ananena mofatsa, ngati akunena zopita kumpopi. Uvuni unali utasiya kulira. Mpopi unasiya kudontha. Ndinamva mtima wanga wokha.

Kupemphera kwautali sindikutha. Chimene ndimatha ndi malonda. Ndinaika chikwama pansi, ndinakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi kampando konyowa kaja.

"Iwe mnyamata, ndine mayi wake wa uyu. Tikambirane. Wamuthandiza, zikomo. Muthandize amalize, ukatero umusiye."

Zii.

Kumsika munthu akakhala chete ndiye kuti mtengo sunafike.

"Dzina lako lilembedwa pantchitoyi, pamwamba pa lake. Ukagwa nalo khoma lako."

Ndinadziluma lilime, mawuwo anatuluka mokhota chifukwa cha mantha. "Ndikuti khoma lako lidzaima, anthu adzadziwa kuti unalipo."

Zii. Kuzizira kunayamba kukwera m'mapazi. Chinyezi cha pakampando chinayamba kudonthera pansi, n'kumayenda pang'onopang'ono kulowera kumene kunali mwana wanga.

"Amayi," anatero iye osandiyang'ana, "alibe munthu. Alibe kwina kopita."

Pamenepo ndinachita chimene ndimachita wogula akatembenuka kuti azipita. Ndinaponyapo basela.

"Chabwino. Kwanga kuli malo. Bambo awo anatisiya kalekale, ana onse anachoka. Udzakhale kwa ine. Koma uyu usadzamuitanenso, wamva? Apa ndafika pomaliza, sindiwonjezera."

Madzi aja anaima. Ndinawaona ndi maso angawa, anaima chala chimodzi asanakhudze nsapato yake.

Ko, ko.

Uvuni unayambanso kung'ung'udza. Mwana wanga anayang'ana manja ake ngati si ake, n'kuyamba kulira kulira kwenikweni, kumene sanalire pamaliro. Ndinanyamula chitini n'kuchiika m'chikwama. Chinali cholemera kuposa mmene chinkaonekera. Titatuluka, mlonda anayang'ana chikwamacho n'kupatuka panjira.

Ndinakhala ndi mwana wanga mpaka anamaliza. Ndinkamuyang'anira wotchi ine ndemwe, ndikugogoda ndi supuni, ngakhale zimene ankalembazo sindinkazimva. Anakhoza. Mayina awiri analembedwa monga ndinalonjezera. Lero amagwira ntchito kutali, amajambula maziko a milatho, ndipo akuti salola munthu kulowa m'dzenje lopanda matabwa ngakhale bwana atakalipa bwanji. Za masabata aja amati sakumbukira bwinobwino. Ine sindimukumbutsa. Amaimba foni mwa apo ndi apo, ntchito yamuchulukira.

Chitini chili pashelefu kuchipinda kwanga. Nthawi yotentha ndinachiyanikapo padenga mpaka malata ankawotcha manja. Dothi lake n'lonyowabe.

Madzulo ndikabwera kumsika n'kutseka chitseko, nthawi zina ndimamva: ko, ko. Pakapita kanthawi foni imalira, amakhala mzime wanga. Masiku ena kugogoda kumamveka, ine n'kudikira, foni osalira.

Masiku oterowo ndimangokoka mpando wachiwiri n'kuuika pafupi ndi wanga.