Kambale Koyang'ana Pansi

Shamsia ankakhala ku Kalikiliki ndi abambo ake, a Hatibu. Shamsia ankafuna kuona mwana wakhanda wa amayi ake. Amayi ake anali kutali, ku Mangochi. Anapita kukachira kwa makolo awo. Kumeneko kunabadwa mwana wamwamuna.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri chibadwire mwanayo linakwana. Linali tsiku lopatsa mwana dzina. Wotchula dzina anali abambo, pafoni ya vidiyo. Ku Mangochi anthu anali atasonkhana kale. Onse ankadikira.

Kunyumba ku Kalikiliki, pashelefu panali kabokosi ka intaneti. Kabokosi kanali ndi kanyali. Kanyali kakakhala kobiriwira, foni imagwira. Koma tsiku limenelo kanyali kanali kofiira.

"Ba tata, malaiti yayenda?" anafunsa Shamsia.

"Awe, malaiti yalipo," anatero abambo.

Abambo anazimitsa kabokosi. Anayatsanso. Kanyali kanali kofiira.

Anakapukuta fumbi ndi kofia wawo. Kanyali kanali kofiira.

Anakanyengerera ndi mawu okoma. Koma kabokosi kalibe makutu! Kanyali kanali kofiirabe.

Abambo anakhala pansi, dzanja lili patsaya. Shamsia anamva chisoni. Kodi mwana agona wopanda dzina?

Shamsia anatuluka panja. Anayang'ana kumwamba. Pambali pa nyumba panali mlongoti wachitsulo. Pamlongoti panali kambale koyera. Anakaika ndi a Lemmy, a kampani ya intaneti.

Shamsia anakumbukira mawu a a Lemmy. "Aka kambale kaziyang'ana nsanja ya ku Mtendere. Kakayang'ana kwina, intaneti yayenda."

Kambale sikankayang'ana ku Mtendere. Kankayang'ana pansi, ngati mwana wamanyazi. Mlongoti unali utapendeka. Pamlongotipo panali chingwe! Pachingwe panali mabulangete atatu onyowa. Madzi ankadontha, do, do, do.

A Mainess, a nyumba yoyandikana nayo, anali kuchapa.

"Ba Mainess, iyi ntambo ni yanu?" anafunsa Shamsia.

"Ni yanga, mwana wanga. Mtengo wanga chiswe chinadya. Naona uyu wansimbi, nati ni wolimba."

"Mabulangete yakoka kambale. Manje foni yakana. Lelo ni tsiku la dzina la mwana."

"Mayo ine!" anafuula a Mainess. "Sininadziwe! Bwela, tichose!"

Anachotsa bulangete loyamba. Anachotsa lachiwiri. Anachotsa lachitatu. A Mainess anamasula chingwe. Mlongoti unawongoka.

Abambo anakwera pamgolo. Anagwira kambale. Shamsia anaima pawindo kuti aziona kanyali.

Abambo anatembenuza pang'ono.

"Kofiira!" anatero Shamsia.

Anatembenuzanso pang'ono.

"Kofiira, ba tata!"

Anatembenuzanso pang'ono, pang'ono.

"Kobiriwira! Kobiriwira! Osagwiranso!"

Pomwepo foni inalira. Abambo analumpha pamgolo. Nsapato imodzi inatsala panja.

Pafoni panaoneka amayi. Anali kuseka. M'manja mwawo munali kamwana, katametedwa mpala.

"Timada nkhawa kuno," anatero amayi.

"Alhamdulillah, tafika," anatero abambo, akupuma wefuwefu.

Ku Mangochi kunali zii. Ku Kalikiliki kunali zii. Abambo anakonza kofia wawo.

"Dzina lake ndi Ridwan," anatero.

Ku Mangochi kunamveka nthungululu. A Mainess nawo analuluta pakhomo. M'manja anali ndi kabulangete kakang'ono, konyowa.

"Aka ni ka Ridwan," anatero a Mainess. "Nenze nakachapa pamodzi na yanga. Koma nizayanika pa waya wa kumbuyo!"

Onse anaseka. Mtima wa Shamsia unakhala pansi. Anayandikira pafoni.

"Ridwan," anaitana. "Ridwan, ndine Shamsia. Ndine mlongo wako."

Mwana anatsegula diso limodzi. Kenako anayasamula.

"Wakumva," anatero amayi.