Nkhope Ziwiri za Galasi

Tsabola analowa m'kalasi atadzikulunga mpango kumaso, pamene kunja kunali kotentha. Anakhala pansi osapereka moni kwa aliyense. Zimenezi zinali zachilendo, pakuti dzina lakelo analipeza chifukwa cha pakamwa pake posatseka ndiponso poyabwa. Galasi, amene ankakhala naye desiki imodzi, anamugwedeza ndi chigongono.

"Kodi mayi, mwalowa mpingo wanji lero?"

Tsabola sanaseke. Anatsitsa mpango pang'ono. Masaya ake onse anali atafiira, khungu likusupuka, ndipo m'munsi mwa diso munali matuza.

"Mafuta ako aja," anatero motsitsa mawu.

Galasi anali atabwera pasukuluyi chaka chomwecho, atasamukira kwa azakhali ake. Asanadziwe n'komwe mayina a aphunzitsi, sukulu yonse inali itamudziwa kale, chifukwa nkhope yake inali pa chikwangwani chachikulu pafupi ndi pokwerera basi. Kumanzere kwa chikwangwanicho anali atakwinya nkhope, ili tho ndi ziphuphu. Kumanja ankamwetulira, khungu lili see, atanyamula kabotolo ka mafuta odzola. Pansi pake panali mawu akuti, "Inenso ndinali choncho." Azakhali akewo ankagwira ntchito yotsatsa malonda ku kampani yopanga mafutawo, ndipo dzina loti Galasi linachokera pa nkhope yosalalayo.

"Mwina unadzola ambiri," anatero Galasi.

"Ndinadzola monga analembera pabotolo. Ndinakana nsapato zatsopano kuti amayi andigulire mafutawo, chifukwa iwe unandiuza wekha kuti anakuthandiza." Tsabola anamuyang'ana m'maso. "Iweyo unkadzola kangati patsiku?"

"Kawiri."

"Ankanunkhira bwanji?"

"Ngati maluwa."

"Maluwa," anabwereza Tsabola pang'onopang'ono. "Anga amanunkha ngati mankhwala otsukira bafa."

Anabwezera mpango kumaso ndipo sanalankhulenso mpaka nthawi yoweruka.

Pokwerera basi, Galasi anapeza Tsabola ataima pansi pa chikwangwani, khosi litapindikira m'mwamba.

"Tabwera," anatero Tsabola. "Akuti zithunzizi zinasiyana milungu ingapo, eti? Taona ndolo. N'zomwezo. Tiyerekeze kuti ndolo uli nazo zimenezo zokha. Nanga katsitsi kamene kakugwera pachipumi pakopo? Kali uku, kalinso uko, malo omwewo. Milungu yonseyo sunapese?"

"Basi yanga ija," anatero Galasi, ndipo anakwera basi yosakhala yake.

Zoona zake ankazidziwa bwino. Chibadwire sanatulukepo chiphuphu. Zithunzi zonse ziwiri anajambulidwa tsiku limodzi, m'chipinda cha nyali zowala kwambiri. Mayi wopaka anthu zodzoladzola anamudontheza timadontho ndi pensulo ya nsidze ndi utoto wa milomo, wojambula n'kumuuza kuti akwinye nkhope. Kenako anamupukuta n'kumuuza kuti amwetulire. Onse ankaseka tsikulo, iyenso ankaseka. Ankaona ngati sewero. Koma anzake atayamba kumufunsa kusukulu, zinali zosavuta kungovomera kusiyana ndi kufotokoza.

Atafika kunyumba anatsegula kabati ya m'chipinda cha azakhali ake. Pashelefu yapamwamba panali mabotolo a mafutawo amene kampani inawapatsa, onse osatsegula, fumbi lili pazivindikiro. Anakumbukira kuti tsiku lina atafuna kuyesa, azakhali anamulanda botolo mwachangu n'kunena kuti khungu lake silifuna zimenezo. Anatsegula limodzi n'kununkhiza. Fungo lake linamulasa m'mphuno mpaka misozi inalengeza.

Azakhali anafika atatopa, nsapato zili m'manja. Galasi anadikira kuti akhale pansi.

"Azakhali, bwanji inu simudzola mafuta aja?"

"Ndili ndi ziphuphu ine?"

"Mnzanga wapsa nkhope."

Azakhali anasiya kusisita phazi. Anayang'ana pawindo kaye asanayankhe, ndipo Galasi anaona kuti sanadabwe.

"Makungu amasiyana, mwana wa mchimwene wanga. Komanso mumsika mwadzaza mafuta achinyengo otengera athu. Mnzakoyo ayenera kuti anagula amenewo."

"Anagula m'sitolo yaikulu ija."

"Ndiye sindikudziwa." Anadzuka n'kulowera kukhitchini, akulankhula atamufulatira. "Malonda ndi choncho. Ukuganiza kuti amene amamwetulira pa chikwangwani cha mankhwala otsukira mano, mano ake anayera ndi mankhwalawo? Aliyense amakometsera katundu wake. Ukapanda kutero, mnzako wa tsidya la msewu atero, iwe n'kutseka. Yunifolomu wavalayo inachokera kumeneko. Loweruka akukufunanso ku ofesi, ugone msanga nkhope isatupe."

Loweruka lija, m'chipinda cholandirira alendo cha kampaniyo munali amayi angapo ndi mtsikana wina wamng'ono kwa Galasi. Onse anali ataphimba nkhope, wina ndi mpango, wina ndi chipewa chachikulu. Mlembi wapakhomo ankauza aliyense mawu ofanana, kuti bwana ali pamsonkhano ndiponso kuti mwina iwowo sanatsatire malangizo a pabotolo. Mtsikana uja ataona Galasi anakoka mkono wa mayi ake n'kuloza. Azakhali anamukankhira Galasi kutsogolo kuti ayende msanga.

Bwana sanali pamsonkhano. Anali m'chipinda chojambulira, akumwa tiyi. Anali bambo waulemu, wolankhula mofatsa, ndipo anamupatsa Galasi mpando iye mwini.

"Nyenyezi yathu yafika. Lero n'zachidule, mwanawe. Tijambula kakanema. Ungoyang'ana apa n'kunena kuti, ine mafutawa ndimadzola tsiku lililonse, amene akupsa agula achinyengo."

"Kodi alipodi achinyengowo?"

Bwana anamwetulira n'kuyang'ana azakhali. "Mwana wanu ndi wochenjera. Achinyengo sasowa, mwanawe. Ngati kulibe lero, mawa adzakhalako."

"Nanga amayi ali panjawo?"

"Anthu ambirimbiri akudzola osadandaula. Pakampani pano pali antchito amene ana awo amadya chifukwa cha botolo limeneli. Kodi titseke chifukwa cha anthu ochepa a khungu lofewa? Tikukonza kasakanizidwe kake, zikhala bwino. Pakali pano tingofuna anthu asachite mantha."

Mawu ake anali osalala moti Galasi anatsala pang'ono kuwakhulupirira. Nyali zinayaka. Wojambula anamupatsa botolo lotsegula kuti atapemo ndi chala n'kupaka patsaya. Galasi, pokumbukira fungo lija, anafikitsa botololo pamphuno. Linkanunkhira bwino, ngati mafuta a mwana wakhanda.

"Awa si omwe aja," anatero.

Mayi wa zodzoladzola anayamba kulongedza mapensulo ake ngati sanamve.

"Ndi ojambulira chabe," anatero bwana. "Sitingaike nkhope yako pachiswe."

Atangotero anazindikira zimene wanena, ndipo anatsokomola. Galasi anaika botolo patebulo.

"Pepani, mutu ukundipweteka," anatero, n'kutuluka. Panjira yonse yobwerera kunyumba azakhali sanamulankhule.

Lolemba Tsabola sanabwere kusukulu. Pa nthawi yopuma atsikana awiri a m'kalasimo anamuzungulira Galasi. Wina anatulutsa botolo latsopano m'chikwama.

"Akuti Tsabola anagula achinyengo. Taona angawa, ndi enieni eti? Ndikufuna ndiyambe lero."

Galasi anayang'ana botololo, kenako nkhope ya mtsikanayo, imene inali ndi tiziphuphu tochepa pachibwano basi.

"Ndani ali ndi pensulo ya nsidze?" anafunsa. "Ndi cholembera chofiira."

Anakhala pa desiki ya kutsogolo, mnzake atamugwirira kagalasi, n'kuyamba kudzidontheza timadontho pamasaya, takuda pakati, tofiira m'mbali, monga anachitira mayi uja. Ana anayamba kuunjikana. Atamaliza anakwinya nkhope n'kutembenuka. Kalasi yonse inaona mtsikana wa kumanzere kwa chikwangwani. Kenako ananyowetsa kansalu, anapukuta, ndipo anayesa kumwetulira, koma kumwetulirako kunakanika.

"Anachita chonchi," anatero. "Tsiku limodzi. Ine mafutawo sindinadzolepo. Tsabola sanagule achinyengo."

Palibe anamuwombera m'manja. Mnyamata wina wakumbuyo anati, "Ndiye nthawi yonseyi unkatipusitsa?" Mtsikana wa botolo uja analibweza m'chikwama n'kuchoka osamuyang'ana. Wina anali atajambula zonse pafoni imene anabisa m'buku, ndipo pofika madzulo kakanemako kanali katazungulira mafoni a makolo.

Masiku otsatira anali owawa. Dzina loti Galasi linasanduka chitonzo. Akamadutsa, ena ankadzidontheza zala pamasaya n'kuseka. Pa desiki ankakhala yekha. Kunyumba azakhali ankangomuikira chakudya patebulo n'kukadzitsekera kuchipinda, kumene ankalankhula pafoni monong'ona. Galasi ankati akamva dzina lake kuseri kwa chitseko, ankaganiza kuti akukonza zomubweza kwa makolo ake, kumene sukulu inali kutali ndipo aphunzitsi anali osakwanira.

Tsiku lina anaweruka n'kupeza azakhali ali kale pakhomo, dzuwa likadali pamwamba. Patebulo panali katoni yokhala ndi kapu yawo ya ku ofesi, kachithunzi ndi juzi imene inkakhala pampando wawo wa kuntchito.

"Akuchotsani chifukwa cha ine?"

"Anandiuza kuti ndikaime pamaso pa atolankhani ndinene kuti uli ndi vuto la mutu, umapeka nkhani." Azakhali anapinda juziyo n'kuitambasulanso. "Ndanenapo zambiri pantchito imeneyi. Ndinkadziuza kuti n'kukometsera chabe, aliyense amatero. Koma izi zinandikanika kukamwa."

"Ndiye tidya chiyani?"

"Zimenezo n'zanga, si zako. Ndakwiya nawe, usaganize kuti zatha. Ukanandiuza kaye." Anapumira m'mwamba. "Koma ukanandiuza ndikanakuletsa. Mnzako uja amakhala kuti?"

"Kuseri kwa msika. Bwanji?"

"Pali mankhwala ena m'mafutamo amene sanalembedwe pabotolo. Adokotala akawadziwa, adziwanso chomupatsa. Ine ndikuwadziwa dzina. Vala nsapato."

Anayenda kudutsa m'timisewu tafumbi mpaka pa nyumba ya chitseko chobiriwira. Galasi anagogoda. Amene anatsegula anali mayi ake a Tsabola, manja ali ndi thovu la sopo. Kumbuyo kwawo kunaima Tsabola wopanda mpango, masaya ali ndi zipsera zakuda. Mayiwo anamuzindikira Galasi nthawi yomweyo. Kenako maso awo anatsikira pa chikwama cha azakhali, chimene chinali ndi chizindikiro cha kampani ija. Sanachoke pakhomo.

"Mwabwera kudzatigulitsa chiyani lero?"

Azakhali anaweramitsa mutu.

"Palibe, mayi," anatero. "Ndabwera kudzakuuzani zimene zili m'botolo muja. Mukamva mukhoza kundithamangitsa."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, akupukuta manja pamalaya. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. Tsabola anayang'ana Galasi kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Aloleni alowe, amayi," anatero. "Koma ineyo ndifunsa mafunso, ndipo ndili nawo ambiri."